Kusinthitsa galimoto ya petulo kuti iziyendera gasi

Funsoli landipeza kangapo tsopano, makamaka mizere ya mafuta ikafika povuta kumudzi, akuti kodi nzoona galimoto ya petulo itha kuyendera gasi yemweyu timaphikira nsimayu? Nzoona, ndipo sizachilendo ayi. Ku Turkey, ku Poland ndi ku Italy magalimoto otere alipo mamiliyoni, ma taxi a ku Tokyo ndi ku Hong Kong akhala akuyendera gasi yemweyu, amene amatchedwa LPG, kwa zaka zambirimbiri. Ine yanga ndinasinthitsa kuno ku UK, ndiye ndingokuuzani mmene zimayendera.

Musanafunse mtengo wa kiti, kutanthauza zipangizo zonse zosinthira galimotoyo, yambani mwapeza pampu. Mukathira kuti gasiyo? Izi ndikunena chifukwa kuno zatiwawa, mu 2020 ma filing'i a Shell anachotsa mapampu awo a LPG ndipo chichokereni apo malo othirira akungocheperachepera, moti pena umayenda mtunda ndithu kukasaka gasi kwinaku ukuotcha petulo yemwe umafuna kupulumutsa uja. Ngati pampu palibe panjira yanu ya tsiku ndi tsiku, ndalamayo kagulireni matayala basi. Amene muli ku Malawi yambani mwafunsa a MERA, ndi amene amayang'anira za gasi, komanso a Road Traffic pa nkhani ya mapepala a galimoto ndi COF.

Ndipo chonde, zoika silinda ya kukhitchini mu buti nkulumikiza paipi ya labala zija, ayi. Silinda yophikira imatulutsa mpweya kuchokera pamwamba, pamene thanki ya galimoto imakoka gasi ali wamadzi kuchokera pansi, ili ndi vavu yoimitsa kuthira ikafika pa 80 peresenti kuti gasi apeze malo ofufumira kukatentha, ina yotseka yokha paipi ikaduka, ina yotulutsa mphamvu ikachuluka. Silinda ija zambiri mwa izi ilibe. Komanso gasiyu ngolemera kuposa mpweya, akadontha sauluka ayi, amakhazikika pansi mu butimo kudikira kamoto kakang'ono.

Kenako yang'anani injini yanu. Imene imavomera bwino ndi ya ma injekita othira petulo mu manifodi, mapaipi olowetsa mpweya mu injini aja, monga 1NZ-FE imene ili mu ma Probox, ma Sienta ndi ma Corolla ambiri ochokera ku Japan. Koma mukatsegula boneti nkuona palembedwa D-4, GDI, FSI kapena TSI, imeneyo imathira petulo molunjika mu silinda ya injini mwenimweni, imafuna kiti yakeyake yodula kwambiri, ndipo zambiri mwa izo zimaotchabe petulo pang'ono nthawi zonse kuti ma injekita asapse. Dizilo ndi nkhani ina, tiisiye. Injiniyo ikhalenso yathanzi. Ngati ikutsokomola kale, ikudya oyilo kapena ikutenthetsa madzi, gasi sangaichize, amangoulula matenda ake, chifukwa gasi amavuta kuyatsa kuposa petulo ndiye pulagi kapena koilo yofooka imene imabisala pa petulo apa imaonekera tsiku lomwelo. Sinthiranitu mapulagi musanapite.

Tsopano zimene akamange. Thanki ilipo mitundu iwiri, yonga mgolo yogona mu buti, imanyamula gasi wambiri koma matumba a chimanga muiwale, ndi yozungulira yonga donasi yolowa pamalo a sipeya. Ine ndinasankha yozungulirayo, vuto lake sipeya amasowa pokhala, ndipo pa misewu yathu ya maenje ija kuyenda opanda sipeya ndi kudziputira dala. Thankiyo ikhale ndi chidindo cha 67R-01 ndi chaka chimene inapangidwa, mmaiko ambiri ikakwana zaka 10 imayenera kuyesedwanso kapena kusinthidwa, ndiye yakaunjika yopanda chaka musalole ngakhale itchipe bwanji.

Kuchoka pa thanki gasi amayenda wamadzi mu paipi pansi pa galimoto mpaka ku injini, kumene amakalowa mu kachipangizo kotchedwa reducer. Apa ndi pamene pagona nkhani. Kameneka kamatsitsa mphamvu ya gasi nkumusandutsa mpweya, ndipo gasi akamasanduka mpweya amazizira koopsa, propane amawira pa -42 digiri, ndiye amakalumikiza ku mapaipi a madzi otentha a injini kuti kasaume. Nchifukwa chake galimoto imalizidwa ndi petulo mmawa, madzi akafika cha mma 30 kapena 40 digiri ndi pamene imadumphira yokha ku gasi. Ndiye thanki ya petulo isamakhale youma ayi, kota izikhalamo, apo ayi mupsetsa pampu ya petulo. Reducer ikhalenso yolingana ndi mphamvu ya injini, akakuikirani yaing'ono galimoto izibwerera ku petulo nthawi iliyonse mwaponda pamtunda.

Pambuyo pa reducer pali fyuluta, kenako ma injekita a gasi, imodzi pa silinda iliyonse, ndipo kuti aike timilomo take amaboola manifodi. Funsani ngati aichotse kaye asanaboole, chifukwa waulesi amaboola ili pomwepo tizidutswa nkugwera mkati mwa injini. Kenako kompyuta yaing'ono imene imawerenga zimene kompyuta ya galimoto ikuuza ma injekita a petulo nkuzitembenuza kuti zikhale za gasi, ndi kabatani pa dashibodi koonetsa gasi watsala bwanji, ngakhale timagetsi take timanama kwabasi, ine ndimangowerengera makilomita. Maina odziwika ndi BRC, Lovato ndi Landi Renzo a ku Italy, Prins ya ku Netherlands, STAG ndi KME a ku Poland. Kunena zoona dzina silimandidetsa nkhawa kwenikweni, sankhani imene makaniko wanu ali ndi pulogalamu yake pa laputopu ndipo masipeya ake akupezeka pafupi.

Kumanga kumatenga tsiku limodzi kapena awiri. Koma ntchito yeniyeni ndi kutchuna, ndipo kumachitikira pamsewu, wina akuyendetsa wina ali ndi laputopu pamiyendo, pang'onopang'ono, mothamanga, pamtunda, kuonetsetsa kuti injini ikulandira gasi wokwanira paliponse. Makaniko wanga woyamba anangotchunira mu galaja injini ikulira pamalo amodzi nkundipatsa makiyi, sabata isanathe kagetsi ka injini kanayaka, ndinachita kukalipiranso kwina kuti akonze. Gasi akamachepa injini imatentha kwambiri mkati ndipo amene amavutika ndi mavavu. Musanachoke auzeni apake thovu la sopo polumikizira paliponse inu mukuona, pakatuluka tithovu ndiye kuti pakudontha.

Za mavavuzi ndionjezere. Petulo amanyowetsa ndi kuziziritsako mavavu, gasi ngouma, ndiye pa injini zina, makamaka zambiri za ku Japan, pokhalira mavavu pamadyeka pang'onopang'ono mpaka kompuleshoni kutha. Mankhwala ake ndi kabotolo ka mafuta apadera, ambiri amangoti Flashlube, kodonthezera mu manifodi, komanso kuyezetsa mpata wa mavavu nthawi ndi nthawi. Fyuluta ya gasi sinthani pa makilomita 10,000 mpaka 15,000 alionse, njotchipa.

Nanga phindu? Lita ya gasi ili ndi mphamvu yochepa kuposa ya petulo, ndiye yembekezani kuti galimoto izimwa malita ochulukirapo ndi pafupifupi 20 peresenti, imene imamwa malita 8 pa makilomita 100 izimwa 9 ndi theka kapena 10. Kumene gasi amagulitsidwa pa kilo, kilo imodzi ndi pafupifupi malita awiri, apo mutha kufananiza nokha ndi mtengo wa petulo. Tengani ndalama yonse yomangitsira, gawani ndi imene mukupulumutsa pa mwezi, muona miyezi imene idzabwerere. Wa taxi kapena woyenda mitunda italiitali tsiku lililonse imabwerera msanga. Wongopita kutchalitchi ndi kumsika, injini isanatenthe nkomwe wafika kale, ameneyo azingoyendera petulo thanki ya gasi ali nayo.

Mukamaliza tengani satifiketi kwa omangawo, muuze a inshuwalansi, kuno ku UK muuzenso a DVLA, olembetsa magalimoto, asinthe pa V5C, pepala la kalembera wa galimotoyo. Ndipo amene mumakonda kuwolokera ku France dziwani kuti sitima ya pansi pa nyanja ya Eurotunnel silola galimoto ya LPG ngakhale thanki ikhale yopanda kanthu, mukwere ya pamadzi ku Dover, mutengenso ka adaputa chifukwa milomo ya mapampu a ku France ndi ya kuno njosiyana.