Momwe mungalumikizire makamera opanda dzina ku DVR kapena NVR yatsopano

Makamera ambiri amene mumawaona pa makonde a mashopu ndi pa mipanda ku Luwinga, ku Katoto kapena ku Chibavi mu mzinda wa Mzuzu alibe dzina la kampani. Ena anagulidwa ku Mataifa, ena anabwera ndi achibale kuchokera ku Dar es Salaam kapena ku Johannesburg, ndipo katoni yake inatayidwa kalekale. Vuto limayamba tsiku limene bokosi lojambulira lafa, kaya ndi mphenzi kaya ndi magetsi obwera mwamphamvu atathima. Mukapita kukafuna lina, wogulitsa angakuuzeni kuti, "Bwana, mugule zonse pamodzi, makamera akalewo sagwirizana ndi iyi." Nthawi zambiri zimenezo sizoona. Makamerawo amagwira bwinobwino, bola mudziwe mtundu wake musanatulutse ndalama.

Choyamba: onani kumapeto kwa waya

Tsitsani kamera imodzi, kapena onani mawaya amene anali kulowa kuseri kwa bokosi lakale. Ngati waya wake ndi wozungulira ngati wa eliyo ya TV, ndipo kumapeto kuli kachitsulo kamene mumakankha n'kupotoza pang'ono kuti kagwire, amenewo ndi makamera a analogi, ndipo kachitsuloko ndi BNC. Amafuna bokosi lojambulira lotchedwa DVR. Ngati kumapeto kuli kapulasitiki kangati kamene kamalowa mu kompyuta kapena mu rauta, ndi makamera a IP, oyendera pa netiweki, ndipo amafuna bokosi lojambulira lotchedwa NVR.

Chenjezo limodzi: amisiri ena amayendetsa makamera a analogi pa waya wa netiweki poika tizipangizo totchedwa balun kumapeto konse kuwiri. Choncho musaweruze ndi waya wa m'khoma wokha, onani chimene chikutuluka pa mchira wa kamera yeniyeniyo.

Makamera aang'ono a Wi-Fi aja oonera pa foni basi ndi nkhani ina. Ambiri anapangidwa kuti azilankhula ndi pulogalamu yawo yokha, ndiye musawadalire pa ntchito imeneyi.

Chachiwiri: gulani bokosi lomva zilankhulo zambiri

Makamera a analogi si amodzi. Pali akale a CVBS a chithunzi chosawala kwenikweni, ndiye pali AHD, HD-TVI imene inatchuka ndi Hikvision, ndi HD-CVI ya Dahua. Onsewa pulagi yawo ndi yofanana, koma DVR ya mtundu umodzi wokha siingawerenge enawo. Popeza kamera yanu ilibe dzina ndipo simukudziwa kuti ndi iti, funsani bokosi lolembedwa 5-in-1 kapena XVR. Limeneli limalandira mitundu inayi yonseyi, kuphatikizanso makamera angapo a IP. Funsaninso kuti limafika ma megapixel angati pa tchanelo chilichonse, chifukwa DVR ya 2MP mukaipatsa kamera ya 5MP sikirini imangokhala yakuda.

Ngati makamera anu ndi a IP, mawu oti muwafufuze pa katoni ya NVR ndi ONVIF. Uwu ndi mgwirizano umene makampani a Axis, Bosch ndi Sony anayambitsa mu 2008 kuti zipangizo za makampani osiyana zizimvana. Makamera ambiri opanda dzina ali nawo, ngakhale kuti ena amautsata mwatheka.

Ine ndikanakhala inu ndikananyamula kamera imodzi ndi adaputala yake kupita nayo kushopu. Wogulitsa amene ali ndi chikhulupiriro ndi katundu wake sakana kuyesa pa kauntala.

Chachitatu: yeserani patebulo, makwerero pambuyo

Mukafika kunyumba ikani hard disk m'bokosi magetsi ali ozimitsa, lumikizani TV kapena monita pa HDMI kapena VGA, lowetsani mausi, kenako yatsani. Likufunsani pasiwedi yatsopano. Ilembeni penapake posungika. Nthawi ikani ya kuno, GMT+2, ndipo tsiku likhale lolondola, chifukwa kanema wa tsiku lolakwika amavuta kumugwiritsa ntchito mukapita naye kupolisi. Pomwe pakufunsa PAL kapena NTSC sankhani PAL, ndiyo yogwirizana ndi magetsi athu a 50Hz. Hard disk yatsopano imafuna kufomatidwa ndi bokosi lomwelo, apo ayi mudzaona zithunzi pa sikirini koma palibe chikusungidwa.

Tsopano lumikizani kamera imodzi yokha ndi waya wamfupi, pomwepo patebulo. Ikagwira apa koma n'kukana mutaibwezera kudenga, mwadziwa kale kuti wolakwa ndi waya kapena magetsi, osati bokosi.

Ngati ndi ya analogi

Lowetsani BNC pa tchanelo choyamba, kamera muipatse magetsi a 12V. Phimbani diso lake ndi dzanja. Mukamva kuti "tcha" mkati, kapena tinyali tofiira tikayaka, ndiye kuti ili moyo. XVR yabwino imazindikira yokha mtundu wa kamera m'masekondi ochepa.

Chithunzi chikabwera chakuda ndi choyera masana, kapena chikamayendayenda, kapena osabwera n'komwe, kawirikawiri ndi kusamvana kwa mitundu ija. Makamera ambiri otchipa ndi a 4-in-1, ndipo pa mchira wawo pamakhala kabatani kakang'ono kopendekeka mbali zinayi, kapena timasiwitchi tiwiri tobisika m'kachivindikiro. Kankhirani kabataniko mbali imodzi n'kugwira masekondi pafupifupi 5, kamera isintha mtundu. Mbali yake imasiyana kutengera amene anapanga, ndiye ingoyesani zonse zinayi imodziimodzi, mukudikira pang'ono pakati, mpaka chithunzi chitabwera bwino. Ngati kabatani kulibe, lowani m'makonzedwe a bokosi pa Channel Type, musinthire tchanelocho ku AHD, kenako TVI, CVI, pomaliza CVBS.

Ngati ndi ya IP

Apa ndiye pamafuna kudekha. Kamera ya IP ili ngati nyumba ya m'tauni: NVR siingaipeze ngati sikudziwa adiresi yake, ndipo ziwirizi ziyenera kukhala m'dera limodzi.

Yambani ndi magetsi. Kamera ya PoE imalandira mphamvu kudzera mu waya wa netiweki womwewo. Zotchipa zambiri si za PoE, zimafuna adaputala ya 12V payokha, ngakhale NVR yanu ikhale ndi mabowo a PoE kuseri.

Lumikizani kamera ndi laputopu ku rauta kapena switch imodzi. Pulogalamu yaulere ya Windows yotchedwa ONVIF Device Manager imasaka n'kukuonetsani makamera amene ali pa netiweki. Ambiri opanda dzina mkati mwake muli bolodi ya kampani ya Xiongmai, aja oonera pa pulogalamu ya pa foni ya XMEye, ndipo amabwera ndi adiresi 192.168.1.10, dzina admin, pasiwedi yopanda kanthu. Ngati rauta yanu ikupereka maadiresi oyamba ndi 192.168.8 kapena 192.168.0, kamera yotere sioneka msanga. Patsani laputopu adiresi yongoyembekezera ngati 192.168.1.50, tsegulani adiresi ya kamera pa browser, muisinthire manambala atatu oyambirira kuti afanane ndi a NVR. Nambala yomaliza ikhale yakeyake kwa kamera iliyonse: 101, 102, 103. Muzichita imodziimodzi, chifukwa makamera anayi onse akalowa nthawi imodzi ndi adiresi yofanana amalimbana, chithunzi n'kumabwera n'kumachoka.

Amene mwagula NVR ya PoE dziwani kuti mabowo akuseri aja ali ndi dera lawolawo. Pa Hikvision limayamba ndi 192.168.254, pa Dahua 10.1.1. Kamera yachilendo ikalowetsedwa pamenepo iyenera kupatsidwa adiresi ya dera limenelo, ndipo pa Hikvision tchanelocho muchichotse pa Plug-and-Play n'kuchiika pa Manual.

Kenako pa NVR pitani pomwe amawonjezera makamera. Protocol sankhani ONVIF, lembani adiresi, dzina ndi pasiwedi ya kamerayo, osati ya NVR. Apa ndi pamene ambiri amagwa. Port yesani 80. Ikakana yesani 8899, imene ndi ya mabolodi a Xiongmai aja, kenako 8080 kapena 8000. Ikamati pasiwedi ndi yolakwika pomwe mukudziwa kuti ndi yomweyo, onani wotchi ya kamera, chifukwa ONVIF imatha kukana nthawi zikasiyana kwambiri. Ikalumikizika koma sikirini ili yakuda, lowani mu kamera musinthe kasungidwe ka kanema kuchoka pa H.265 kukhala H.264, kapena mutsitse ma megapixel.

Zonsezi zikakanika patsala njira ya RTSP, yotumizira kanema pa netiweki, imene imadutsa pa port 554. ONVIF Device Manager ikatsegula kanema imaonetsa mzere woyamba ndi rtsp:// pansi pake. Koperani mzerewo muulembe pa Custom Protocol mu NVR. Mudzajambula, koma kuzindikira kuyenda kwa munthu mwina sikugwira, ndiye tchanelocho muchiike kuti chizijambula osaima.

Kamera ya pasiwedi yoiwalika, yosiyidwa ndi mmisiri amene nambala yake siikupezekanso, ifufuzeni kabatani ka reset pa mchira kapena mkati pafupi ndi polowetsa memory card.

Chomaliza: bwezerani kudenga

Musanakweze kamera iliyonse ya IP, ipatseni pasiwedi. Mu 2016 pulogalamu yoipa ya Mirai inalanda makamera ndi ma DVR ambirimbiri padziko lonse pongoyesa mapasiwedi a kufakitale, ndipo zipangizo za Xiongmai zinali m'gulu lokhudzidwa. Chimodzimodzinso bokosi lenilenilo, makamaka ngati mudzaliika pa rauta ya Airtel kapena TNM kuti muzionera pa foni.

Mvula ya kuno mukuidziwa, ndi mawawa a m'nyengo yozizira omwe. Pulagi yosiyidwa panja imachita dzimbiri, chithunzi n'kuyamba mizeremizere. Ikani zolumikizira zonse m'kabokosi kapulasitiki kotsekeka, waya alowere chapansi. Waya wa netiweki asapitirire mamita 100. Kamera imene imaoneka bwino masana koma n'kuzima kukada, vuto ndi magetsi ochepa: tinyali ta usiku timakoka mphamvu yambiri, ndipo adaputala yotopa kapena waya wautali woonda sakwanitsa. Sinthani adaputala kapena muisendeze pafupi.

Za kukula kwa hard disk, kamera yotumiza 2 Mbps imadya pafupifupi 21 GB patsiku, ndiye makamera anayi amadzaza 1 TB m'masiku pafupifupi 11, kenako bokosi limayamba kufufuta zakale. Pezani disk yopangidwira kujambula usana ndi usiku, ngati WD Purple kapena Seagate SkyHawk. Bokosi, rauta ndi maadaputala a makamera zonse zikhale pa UPS kapena inverter imodzi, chifukwa bokosi lokhalo likatsala loyaka magetsi a ESCOM atathima lingojambula sikirini yakuda. Mukamaliza, yendani kutsogolo kwa kamera iliyonse, masana komanso usiku, kenako tsegulani Playback muone ngati mukudzipeza pa nthawi yoyenera.