Momwe mungadziwire ngati khomo lanu likuyenera kulandira Mtukula Pakhomo kuno ku Mulanje

Tsiku lolandira ndalama za Mtukula Pakhomo likadutsa, dandaulo limakhala limodzi, kaya pa Chitakale, pa Limbuli kapena pa Nkando: "Nanga ife adatisiyiranji, si osauka ife?" Dandauloli ndi lomveka, koma umphawi wokha sulowetsa munthu mu pologalamuyi. Musanakwiyire amfumu, yambani mwapima khomo lanu.

Choyamba, werengani onse amene amadya mphika umodzi pakhomopo. Mtukula Pakhomo, pologalamu ya boma yopereka ndalama kwa mabanja ovutikitsitsa yomwe idayambira ku Mchinji mu 2006, imayang'ana khomo lonse, osati munthu mmodzi, ndipo imafuna zinthu ziwiri pamodzi: umphawi wadzaoneni ndi kusowa munthu wamphamvu zogwirira ntchito.

Chachiwirichi ndi chomwe chimasokoneza ambiri. Onani ngati pakhomopo pali munthu wa zaka 19 mpaka 64 wathanzi, woti angalime kapena kugwira ganyu. Ngati palibe, mwakwaniritsa mbali imeneyi. Ngati alipo, werengani amene akumudalira: ana, okalamba, odwala matenda amgonagona ndi aulumali woti sangagwire ntchito. Akapitirira atatu pa munthu mmodzi wamphamvu, mwakwaniritsanso. Agogo a zaka 70 amene akulera zidzukulu zinayi okha akulowa bwinobwino m'gululi. Koma bambo ndi mayi athanzi a ana awiri, ngakhale akugona ndi njala nyengo imene kuesiteti kulibe ganyu yothyola tiyi, sakulowa. N'zowawa, koma ndi mmene adaikonzera. Anthu otere afunse za ntchito zachitukuko zolipidwa, monga kukumba migula ndi kudzala mitengo, zomwe zimafuna amphamvu.

Kenako fufuzani ngati khomo lanu lili mu kaundula wa boma wotchedwa UBR. Mayina a olandira amachokera mmenemo. Kumbukirani ngati padabwera anthu olemba, ofunsa za denga la nyumba, ziweto, munda ndi kangati mumadya patsiku. Ngati tsikulo mudali kumunda kapena mudasamuka pambuyo pa namondwe wa Freddy mu 2023, n'kutheka kuti simudalembedwe kapena zomwe zidalembedwa n'zakale. Funsani a komiti ya Mtukula Pakhomo ya m'dera lanu. Amfumu kapena a komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC) akulozerani.

Chitupa cha unzika chikhale pafupi. Chikatayika, pitani ku ofesi yopereka zitupa za unzika ya NRB paboma msanga, osadikira tsiku lolemba mayina.

Tsono apa mvetsetsani: kukwaniritsa zonsezi si kulowa. Pologalamuyi idakonzedwa kuti izifikira pafupifupi makomo 10 pa 100 aliwonse, choncho oyenera amachuluka kuposa malo. N'chifukwa chake msonkhano wa m'mudzi woitana mayina si wojomba. Pamenepo m'pamene anthu amatsutsa dzina la munthu wa golosale ndi kukumbutsa za agogo amene aiwalika. Ambiri timangong'ung'udza pobwerera kunyumba, pamsonkhanopo titakhala duu.

Ngati mukuona kuti mwasiyidwa molakwika, kadandauleni kwa a komitiwo, ndipo onetsetsani kuti dandaulo lanu lalembedwa, osati kungomva "tamva, mayi". Zikapanda kuyenda, pitani ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ku khonsolo ya boma la Mulanje. Tengani chitupa chanu, mabuku akuchipatala a odwala, komanso mayina a ana ndi makalasi awo, poti ana apasukulu amawonjezera ndalama zomwe khomo limalandira.

Kulembetsa n'kwaulere. Wina akati "mundigawireko kuti dzina lanu lilowe", kaya ndi wa komiti kaya nduna ya mfumu, chimenecho ndi chiphuphu. Kanenezeni ku ofesi yomweyo, kupolisi kapena ku bungwe lolimbana ndi ziphuphu la ACB. Ndipo amene mukulandirira pafoni, nambala yanu yachinsinsi musapatse munthu, ngakhale ejenti amene mumamudziwa.