Momwe mungayambire cheerleading ya mpikisano mochedwa, musanachitepo chilichonse, koma maso ali pa matimu apamwamba

Ndiyambe ndi zomwe simukufuna kumva. Ana ambiri amene mumawaona pa YouTube akupidiguka m'mwamba ngati alibe mafupa aja anayamba ali ndi zaka 5 kapena 6, ena anachokera ku gymnastics, ndiye inu mukabwera ndi zaka 16 kapena 19 mukufuna kupikisana nawo pa kupidiguka komweko mudzangodzipweteka mtima, mwinanso khosi. Ine ndinalowa ndili ndi zaka 17, cartwheel yeniyeni, kupidiguka cham'mbali kotsamira pa manja kuja, sindimaitha, tsiku loyamba kamwana kena kondifika m'chiuno kanandifunsa ngati ndabwera kudzatenga mng'ono wanga. Koma njira ilipo, ingoti siidutsa pamene ambiri amaganizira. Wochedwa amalowera khomo la kunyamula anthu, kupidiguka kumabwera pambuyo.

Choyamba: dziwani masewero amene mukulowa

Cheerleading inayambira ku America, pa University of Minnesota mu 1898 pamene wophunzira wina dzina lake Johnny Campbell anaima kutsogolo kwa gulu la anthu n'kuyamba kuwatsogolera kuchemerera timu yawo. Imeneyo ndi ya m'mbali mwa bwalo. Imene tikukamba pano ndi ina, amaitcha All Star, kulibe mpira kulibe timu yoichemerera, ndi inuyo amene mukupikisana. Timu nthawi zambiri imakhala ndi mphindi 2 ndi masekondi 30 basi, pa bwalo lokhala ndi masipuling'i pansi la mapanelo 9, ndipo m'kanthawi kameneko mumalowa kunyamulana, piramidi, kuponyana m'mwamba, kudumpha, kupidiguka ndi kuvina kumapeto. Zikumveka zochepa eti? Dikirani tsiku limene kochi adzanene kuti full out, kutanthauza kuchita zonse kuyambira poyamba mpaka pomaliza osadumpha kanthu, mudzamva mtima ukugunda m'makutu.

Matimu amagawidwa m'ma level kuyambira 1 mpaka 7. Pa kupidiguka zimayenda chonchi mwachidule: level 1 ndi cartwheel, round off ndi walkover, level 2 ndi back handspring (kupidiguka cham'mbuyo kotsamira pa manja), level 3 back tuck yothamangira (cham'mbuyo osagwira pansi, maondo ali pachifuwa), level 4 layout (chimodzimodzi koma thupi lili lowongoka) ndi tuck yoimirira pamalo amodzi, level 5 full kumene thupi limazungulira kamodzi lili m'mwamba, level 6 double full. Mpikisano umene aliyense amaulota ndi The Cheerleading Worlds, umachitika mwezi wa April ku Orlando, Florida kuyambira 2004, amauyendetsa a USASF, bungwe loyang'anira All Star ku America lomwe linakhazikitsidwa mu 2003. Kumeneko kumapita makamaka matimu a level 6 ndi 7, ndipo sumangolembetsa ayi, timu imayenera kupeza bid, kutanthauza chiitano, pa mpikisano wina kaye. Palinso International Cheer Union ya matimu a mayiko, imene IOC, bungwe loyendetsa masewero a Olympics, inaivomereza kwathunthu mu 2021. Mukamanena kuti mukufuna timu yapamwamba, ndi kumeneku mukutanthauza.

Chachiwiri: yang'anani zaka zanu pa tebulo la malamulo musanalote kwambiri

Ichi anthu amachidumpha. Matimu a senior, a achinyamata a misinkhu ya ku sekondale, ali ndi malire a zaka, ukapitirira watuluka basi ngakhale utakhala katswiri bwanji, ndipo tebulo la zaka limasinthidwa kawirikawiri ndiye onani la chaka chomwecho, osati zomwe wina analemba kalekale. Ngati mwatsala ndi chaka chimodzi kapena ziwiri mu senior, musadzinamize kuti muchoka pa ziro kufika level 6 m'nthawi imeneyo. Cholinga chanu chenicheni chikhale matimu a open, a anthu akuluakulu, kapena timu ya ku koleji. Kumeneko nthawi muli nayo yambiri kuposa momwe mukuganizira.

Chachitatu: sankhani malo anu mu stunt (kunyamulana), apa ndiye pagona nkhani

Gulu limodzi lonyamulana nthawi zambiri limakhala ndi anthu anayi. Flyer ndi amene amakwera pamwamba. Ma base awiri amagwira mapazi ake. Back spot amaima kumbuyo, amagwira akakolo, amakankha m'mwamba, ndipo flyer akamagwa ndi iyeyu amene amateteza mutu ndi khosi. Aliyense wobwera kumene amafuna kukhala flyer chifukwa ndi amene amaoneka pa zithunzi, koma flyer wa timu yapamwamba amafunika thupi lofewa kwambiri, heel stretch, scorpion, bow and arrow ataima ndi mwendo umodzi pa manja a anzake, ndiponso kusaopa kumene kumamangidwa zaka zambiri. Sindikuti n'zosatheka, koma mzere wa ofuna malo amenewo ndi wautali ndipo onse anakutsogolerani.

Pansi ndiye pali mpata. Makochi amasowa ma base amphamvu ndi ma back spot aatali chaka ndi chaka, ndipo apa kukula kwanu kumakuthandizani m'malo mokupingani, chifukwa mwana wa zaka 12 sangakhale ndi mapewa a munthu wa zaka 18. Ngati munasewerapo rugby, volleyball, basketball kapena munanyamulapo zitsulo, muli ndi poyambira kale. Anyamata ambiri a matimu a coed, osakaniza anyamata ndi atsikana, ku makoleji a ku America amayamba cheerleading atafika kale ku koleji, akuchokera ku masewero ena, n'kuphunzira kunyamula mtsikana okha ndi manja awiri kenako dzanja limodzi. Ndiponso malamulo enieniwo anasiya makomo awiri otseguka: pali level 4.2 imene kunyamulana ndi kwa level 4 koma kupidiguka ndi kwa level 2, ndipo pali magulu a non-tumbling amene kupidiguka kulibiretu, amapikisana mpaka ku Worlds komwe. Wochedwa aliyense ayenera kuwadziwa mawu awiri amenewa.

Ndikuuzeni momwe zimamvekera ukakhala base tsiku loyamba. Nsapato ya flyer imatera m'manja mwako, wina akuwerenga five six seven eight, ndipo thupi lako lonse limafuna kunyamula ndi mikono, zomwe zili zolakwika. Mphamvu imachokera m'miyendo, umatsika pang'ono ngati ukukhala pa mpando kenako umanyamuka, mikono imangomalizitsa. Msana ukhale wowongoka, osaupinda cham'mbuyo, ndipo maso pa flyer nthawi zonse. Ine ndinayang'ana pansi kamodzi kokha, chigongono chinandipeza pa mlomo, ndinapita kunyumba mlomo uli ndiii. Lamulo lomwe mudzalimva mpaka kutopa nalo ndi lakuti flyer asakhudze pansi. Akamagwa mumayandikira n'kumuwakha, simuthawa. Kochi akaona kuti ndinu munthu woyandikira, wayamba kale kukuwerengerani.

Chachinayi: pezani jimu, ndipo vomerani timu yotsika

Fufuzani jimu imene ili ndi makochi ophunzitsidwa, matiresi okwanira, komanso makalasi a oyamba kumene. Pitani kukaonerera kaye. Mukaona kochi akukakamiza mwana wolira kuti apidiguke, kapena anthu akuponyana m'mwamba popanda oimirira m'mbali, tulukani mwaulemu. Funsaninso ngati jimuyo ili ndi matimu a ma level osiyanasiyana mpaka kumtunda, chifukwa kukwera mkati mwa nyumba imodzi kumene makochi akukuonani sabata ndi sabata n'kosavuta kusiyana ndi kukagogoda ngati mlendo. Za ndalama funsani zonse poyamba pomwe, ya mwezi ndi mwezi, yunifolomu, nsapato, kulembetsa mipikisano, maulendo, chifukwa masewero awa ndi odula ndipo ambiri amasiyira pakati pa nyengo pa chifukwa chimenechi, zomwe zimasiya anzawo atatu opanda womunyamula.

Adzakuikani level 1 kapena 2, kapena timu ya prep kapena novice (ya oyamba kumene), mwina inu ndi amene mudzakhale wamkulu pa onse. Zimawawa, sindikunama. Chaka changa choyamba ndinkaima kumbuyo pa chithunzi cha timu ngati mphunzitsi wawo. Koma m'chaka chimenecho ndi m'mene mumaphunzira kuwerenga ma eight count (kuwerenga nyimbo kuyambira 1 mpaka 8 mobwerezabwereza), kusuntha pa bwalo osagundana ndi anzanu, kulimbitsa mikono pa high V ndi T, pamene mikono imapanga zilembo zimenezo, kumwetulira pamene mpweya watha. Munthu wamphamvu amene sadziwa nthawi yonyamukira ndi woopsa kuposa wofooka amene amamva kuwerenga. Ndipo funsani mafunso ngakhale kwa ana omwewo, mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Chachisanu: kupidiguka, pang'onopang'ono ndipo osati kunyumba

Musakutaye, chifukwa base amene ali ndi back handspring kapena tuck amalowa matimu ambiri kuposa amene alibe kanthu. Koma tsatirani ndondomeko yake. Kuima ndi manja miyendo m'mwamba mpaka thupi liwongoke bwino, kenako cartwheel, round off, bridge yotsegula mapewa, walkover, ndiye back handspring ndi kochi akukugwirani. Akuluakulu timavutika pa zinthu ziwiri, mapewa ouma ndi mantha. Mwana saganiza, amangodziponya cham'mbuyo, pomwe inu ubongo umayamba kukuwerengerani zonse zimene zingathyoke, ndiye mumazengereza pakati pa ulendo, ndipo kuzengereza pakati ndi kumene kumagwetsa munthu pa mutu. Mankhwala ake ndi kubwereza ma drill kambirimbiri pa matiresi otsetsereka ndi pa tumble track, kanjira kakatali kodumphitsa ngati trampoline, mpaka thupi lizichita lokha.

Chonde musaphunzire back tuck pa udzu ndi mnzanu wogwira foni. Ndikudziwa mavidiyo alipo, amene anavulala sanaike awo. Kunyumba chitani zotetezeka: squat, lunge, push up, plank, hollow hold, kulimbitsa akakolo ndi mfundo za manja, kudziwongola thupi litatentha kale osati lozizira. Kudumpha nakonso mungathe kukonza nokha, toe touch, pike, hurdler. Pa toe touch, kudumpha n'kutambasula miyendo m'mbali uli m'mwamba, chinsinsi ndi kuzunguza chiuno kuti maondo ayang'ane kumwamba, chifuwa chili chowongoka, osati kuweramira kufunafuna zala za kumapazi ngakhale dzinalo likutero. Khalani pansi mutatambasula miyendo muzikweza mwendo umodzi umodzi, zimapsa ngati moto koma pakatha miyezi ingapo kusintha kumaoneka.

Mukagunda mutu n'kumamva chizungulire, mutu kupweteka kapena kuona zinthu mwachimbuuzi, imani pomwepo mukaonane ndi dokotala, osabwerera pa bwalo tsiku lomwelo ngakhale mpikisano uli mawa.

Chachisanu ndi chimodzi: onjezerani maola amene anzanu anakusiyani nawo

Ma practice a timu awiri kapena atatu pa sabata sakwanira kutseka mpata wa zaka 10. Pitani ku open gym, nthawi imene jimu imatsegukira aliyense kudzayeserera, lowani makalasi a stunt, ma clinic, ndipo ngati thumba likulola tengani phunziro la nokha ndi kochi kangapo pa chinthu chimodzi chomwe chakukanikani. Koma chachikulu ndi ichi, mukaona gulu la level yapamwamba likusowa munthu mmodzi chifukwa wina wadwala, dzipereke. Ine umu ndi m'mene ndinagwirira full up yanga yoyamba (kukweza flyer akuzungulira kamodzi), ndinali ndikumanga zingwe za nsapato kuti ndizipita, wina anangofuula kuti tikusowa back spot, ndinathamanga chikwama chili pamsana. Muzidzijambulanso pa foni, chifukwa chimene mukumva m'thupi ndi chimene chikuoneka ndi zinthu ziwiri zosiyana, mumaganiza kuti mikono yawongoka pomwe yapindika ngati ya nkhuku. Tsiku limodzi kapena awiri pa sabata pumulani, thupi la munthu wamkulu likathamangitsidwa limabwezera ndi maondo ndi msana.

Chachisanu ndi chiwiri: ma tryout, mayeso osankhira anthu m'matimu

Ku America ambiri amachitika cha mu May nyengo ikangotha, kwina funsani jimu yanu. Onetsani zokhazo zimene mumachita bwino maulendo 10 pa 10. Back handspring yoyera imaposa tuck yoterera pa maondo, ndipo kochi amene wakhala zaka zambiri pa ntchitoyi amadziwa kusiyanitsa luso lokhazikika ndi lamwayi. Musabise kuti munayamba liti, nenani ndithu kuti ndili ndi miyezi 14 mu masewerowa, chifukwa amene wafika pamenepo mu miyezi 14 akuonetsa liwiro lomwe amaphunzirira, ndipo zimenezo makochi amazifuna. Akakukonzani penapake, konzani pomwepo ulendo wotsatira, amakhala akuyesa zimenezo dala. Nenaninso kuti ndinu okonzeka kuyesa malo alionse, main base, side base, back spot.

Akakuikani pansi pa pomwe mumafuna, musakwiye n'kusamuka jimu sabata yomweyo. Dikirani masiku awiri mtima utsike, kenako pitani kwa kochi mukafunse funso limodzi lolunjika: ndi maluso ati enieni amene ndikusowa kuti chaka chamawa ndilowe timu ija? Lembani zomwe anene. Ine anandiuza zitatu, kugwira full up osasuntha mapazi, standing back handspring, ndi kusiya kuyang'ana pansi. Ziwiri ndinazitha nyengo isanathe. Handspring ija inanditengera pafupifupi zaka ziwiri, ndipo timu imene inanditenga pomaliza inali ya non-tumbling, sinandifunsepo n'komwe za iyo.