Mukalandira mlendo wachiyuda wosunga kosher, muphike chonchi

Kuno ku Dedza timalandira alendo odzaona zojambula zam'mapanga ku Chongoni ndi okwera phiri, ndiye ena mwa iwo ndimawaphikira ine pakhomo panga pa boma pano. Chaka chatha kunabwera mnyamata wa ku Israel, ine mwaulemu wathu ndinamugwirira nkhuku yachikuda, kuikazinga bwinobwino ndi tomato, koma atafika patebulo anapepesa kwambiri nkunena kuti sangadye. Zinandiwawa ndithu, mlendo kukana nkhuku kwathu kuno si nkhani yamasewera. Madzulo ake anakhala nane pakhonde nkundifotokozera, ndipo ndalemba izi kuti amayi anzanga ophikira alendo zisadzakuonekereni.

Ambirife timangoti aaa ndi ngati a Sabata kapena Asilamu, bola pasakhale nkhumba. Ayi, kosher, malamulo achiyuda a zakudya, imapita patali. Maziko ake ali pa Levitiko 11 ndi Deuteronomo 14, nyama ikhale yobzikula komanso ya ziboda zogawanika, ndiye ng'ombe, mbuzi ndi nkhosa zili bwino, nkhumba ndi kalulu ayi, mbewa musayerekeze nkomwe. Koma pomwe ndinaphonya ine ndi apa: ngakhale mbuzi kapena nkhuku, imayenera kuzingidwa ndi munthu wawo wophunzira ntchitoyo, amamutcha shochet, ndi mpeni wakuthwa wopanda kobenthuka, kenako nyamayo amaithira mchere kuti magazi atuluke. Ya kubutchala siilowa, ngakhale ya halal siilowa. Ndiye malangizo anga ndi oti nkhani ya nyama ingoisiyani basi, simuikwanitsa ndipo iye sayembekezera kuti muikwanitse.

Nsomba ndiye chipulumutso chanu. Lamulo lake ndi la zipsepse ndi mamba, chambo, utaka, usipa, zonsezi amadya, koma mlamba ndi kampango ayi chifukwa zilibe mamba. Mugule chambo chathunthu kuti aone yekha mambawo, ndipo musapalire ndi mpeni womwe mumadulira nyama.

Apa pakubwera nkhani ya ziwiya, ndipo ndiyomwe imavuta kumvetsa. Kwa iwo poto amamwa zomwe mwaphikamo, ndiye sefuliya yomwe inaphikapo nkhumba kapena mlamba, kaya mwaikwecha ndi mchenga mpaka kuwala, siikhala bwino. Ine ndinangopita kumsika kukagula poto watsopano, mthiko, chipande, mpeni, mbale ziwiri ndi siponji yotsukira, ndinazimanga kansalu kofiira nkuziika pashelefu yakeyake, ana ndinawauza kuti asakhudze. Tchipisi cha pachiwaya cha m'mbali mwa msewu musamugulire, mafuta ake omwewo amakazingiramo nkhumba ndi zam'kati. Gulani kachewere wanu pa Bembeke kapena pa Lizulu mukazinge nokha m'mafuta atsopano.

Nyama ndi mkaka sizikumana, zimachokera pa mawu aja oti usaphike mwana wa mbuzi mu mkaka wa mayi ake, Eksodo 23:19. Ambiri akadya nyama amadikira maola 6 asanamwe tiyi wamkaka, ena maola 3, zimatengera kwawo. Poti inu nyama mwaisiya izi sizikuvutani kwambiri, nsima, nyemba, mazira, masamba ndi nsomba zili pakatikati, si nyama komanso si mkaka, iwo amati pareve.

Chomwe chimadya nthawi ndi tizilombo. Kachilombo ngakhale kamodzi sikaloledwa, ngumbi ndi mphalabungu zomwe ife timazikonda ndi zoletsedwa. Ufa musefe, makamaka wokhalitsa m'thumba umene anankafumbwe amalowamo. Nyemba ndi mpunga muzisankhe palichero panja powala. Nkhwani, mpiru, bonongwe, kabichi, tsamba lililonse mulitembenuze muone kunsi, muviike m'madzi amchere kenako mutsuke kawiri, nsabwe zam'masamba zija zimabisala m'makwinya. Mukatero tenderani nsinjiro, mnyamata uja nkhwani wotendera anaukonda mpaka kupempha wina. Dzira liswereni kaye m'tambula lililonse palokha, mukaona kadontho kamagazi litayeni.

Zam'mapaketi muyang'ane chizindikiro cha kosher, zambiri zochokera ku South Africa zimakhala ndi zilembo BD, zina U wozunguliridwa. Vinyo ndi juwisi wa mphesa wopanda chizindikiro musamupatse.

Ena osunga kwambiri amafuna ayatse okha mbaula musanateleke poto, mukaona akupempha machesi mupatseni, si kuti akukukayikirani, ndi lamulo lawo. Ndipo kuyambira Lachisanu dzuwa likamalowa mpaka Loweruka kukada sayatsa moto kapena kuphika, sangakutumeninso kuti mumuphikire, ndiye chakudya cha Loweruka chipse Lachisanu masana. Mumufunse akangofika kuti amasunga mpaka pati, chifukwa amasiyana, ndipo akabwera nyengo ya Pasaka yawo, cha mu Malichi kapena Epulo, buledi ndi mandasi sadya, ndipo ambiri a makolo ochokera ku Ulaya sadyanso chimanga, mpunga ndi nyemba. Masiku a Pasakawo nsima iiwaleni, mumuphikire kachewere, mazira ndi chambo.