Mwabinya phazi? Chitani izi mpaka mudzabwerere m'bwalo

Munthu akabinya phazi pabwalo la ntchemberembaye kapena la mpira wamiyendo, anzake amathamangira kulikoka, kunyumba n'kukalithowa ndi madzi otentha. Chonde musatero. Pa kakolo pamakumana mafupa atatu: tibia ndi fibula, otsika kuchokera pabondo, ndi talus la kuphazi. Amagwiridwa ndi minyewa yolimba ngati zingwe, ndipo itatu ya kunja kwa kakolo ndi yofookerapo poyerekeza ndi ya mkati. Phazi likapindikira mkati, imeneyi ndiyo imatamuka kapena kung'ambika. Kukoka kumakulitsa kung'ambikako, kutentha kumawonjezera kutupa.

Choyamba, onani ngati fupa silinathyoke. Madokotala a ku Ottawa m'dziko la Canada anakonza njira yophweka mu 1992. Yesani kuyenda mapazi anayi, ngakhale motsimphina. Kenako dinani ndi chala kumbuyo ndi kunsonga kwa mafupa awiri otumphuka aja a pa kakolo, kukwera m'mwamba masentimita 6. Dinaninso kafupa kotumphuka m'mphepete mwa phazi, pakati pa chidendene ndi chala chaching'ono. Ngati simungathe kuponda, kapena fupa lenilenilo likupweteka podina, pitani kuchipatala akajambule. Chimodzimodzinso ngati phazi lakhota, lachita dzanzi kapena lazizira.

Ngati zonsezi palibe, masiku awiri oyamba ndi oziziritsa. Kulungani ayezi m'chitenje, muike potupapo kwa mphindi 15 mpaka 20, ndipo muzibwereza pakatha maola awiri kapena atatu. Kopanda firiji gulani mafirizesi angapo, amagwira ntchito yomweyo. Mangani bandeji kuyambira kuzala kukwera kumwendo, koma zala zikayamba kuda kapena kuyabwa ngati mukuyenda nyerere, masulani, mwathinitsa. Pogona sanjikani phazi pamapilo kuti likwere kuposa chifuwa.

Ululu ukangoyamba kuchepa, musalisunge phazi pabedi. Yambani kuponda pang'onopang'ono, ndipo mutakhala pampando muzilemba m'malere zilembo za afabeti ndi chala chachikulu. Kokerani zala kwa inu ndi nsalu kuti mnofu wa katumba utambasuke.

Gawo lotsatirali ndi limene ambiri amalidumpha, ndipo kwa ine ndilo lofunika koposa. M'minyewa ya pa kakolo muli timitsempha touza ubongo mmene phazi lakhalira, ngakhale inu musakuliyang'ana. N'chifukwa chake mumatha kuyenda mumdima pamalo a mabampu osagwa: ubongo umamva kuti phazi layamba kupendekeka, n'kulamula minofu ya m'mbali mwa mwendo kuti iligwire msanga. Mnyewa ukang'ambika, uthengawu umasokonezeka, ndipo kutha kwa kutupa sikutanthauza kuti wabwerera mwakale. Ambiri amene amabinya phazi lomwelomwelo chaka ndi chaka, vuto lawo limagona pamenepa.

Ndiye liphunzitseni. Imani ndi mwendo wovulalawo pafupi ndi khoma kwa masekondi 30, kangapo patsiku. Potsuka mano ndi nthawi yabwino. Zikayamba kuphweka, tsinzinani. Kenako imani pa pilo kapena pamchenga, mnzanu azikuponyerani mpira inu muziwakha. Pitirizani kwa masabata 6 kapena kupitirira. M'bwalo mubwereremo pokhapokha mukutha kudumphadumpha ndi mwendo umenewo komanso kuthamanga mokhotakhota popanda ululu, ndipo miyezi yoyambirira muzimanga pa kakolo musanalowe.