Momwe mungayambire kafakitale ka chiponde n'kukakulitsa, kwa amayi anzanga

Amayi ambiri akandilembera pa WhatsApp funso lawo limakhala limodzi, asisi makina ogayira chiponde munagula kuti, ndiye ine ndimayankha kuti makinawo tiwasiye kaye, tiyambe ndi mtedza. Ine ndinayambira pakhonde ndi mbaula, chiwaya ndi mtondo, kenako kachigayo kamanja, pano tili ndi kanyumba kopangira ndi atsikana atatu. Ndilemba za chiponde poti ndi zomwe ndimagwira tsiku ndi tsiku, koma wa sopo kaya wa juwisi wa malambe atolapo zake.

Choyamba, mpamba wanu upite ku mtedza

Geni iyi mumadya kapena kuluza pa tsiku logula mtedza, osati tsiku logulitsa ayi. Anthu akamakumba, cha mu Epulo mpaka Juni, ku Mchinji, Kasungu, Dowa, Ntchisi ndi kumidzi ya Lilongwe mtedza umakhala mbwee ndipo mtengo umatsika, koma ikamafika Novembala aliyense akusaka mbewu mtengo umauluka ndipo wopanga chiponde yemwe amagula kathumba kamodzikamodzi amangogwirira ntchito mavenda. Ndiye ngati muli ndi kangachepe, gulani matumba nthawi yokolola musunge. Ine ndimakonda CG7, wofiira uja, ali ndi mafuta ambiri ndiye amagayika bwino chiponde chake chimatuluka chofewa. Chalimbana naye ndi wokoma, bola musamasinthesinthe, sankhani mtundu umodzi.

Apa pali nkhani ya chuku, ndipo ndichedwapo pang'ono chifukwa ndi yomwe imagwetsa ambiri. Mtedza ukanyowa umachita chuku, chukucho chimasiya poizoni wotchedwa aflatoxin yemwe amawononga chiwindi, ndipo musadzinamize kuti ndikazinga apsa, sachoka ndi moto ameneyo. Ogulitsa ena amawaza madzi mtedza kuti usavute kuswa komanso kuti ulemere pasikelo. Pisani dzanja mpaka pakati pa thumba osati pamwamba pomwe akuonetsani, tengani njere mulume, wouma amalira kuti khwa, wonyowa amangophwanyika mwakachetechete ngati mbatata. Ngati malo muli nawo gulani wamakoko muziswa nokha pang'onopang'ono. Ine chaka changa chachiwiri ndinasanjika matumba pasimenti m'chipinda chodontha, pofika Febuluwale awiri apansi anali akununkha, ndinalira ndithu koma ndinataya. Kuyambira pomwepo matumba amakhala pamatabwa, osagunda khoma.

Musanakazinge sankhani pamanja. Wofota, wobooka, wakuda, wosweka kalekale, zonsezo kunja. Ntchito yotopetsa iyi ndipo waganyu mukamulipira pa thumba amathamanga n'kusiya zoola, bola kumulipira pa tsiku inu muli pompo.

Chachiwiri, botolo la lero lifanane ndi la mwezi watha

Kusiyana kwa kuphika ndi kupanga kuli apa basi. Kunyumba mchere timathira ndi maso, kufakitale ayi. Gulani sikelo, gulani kope la hardcover, lembani makilo a mtedza, magalamu a mchere, shuga ngati mumathira, mphindi zokazinga, mtundu womwe mtedza uzioneka ukapsa. Mukakazinga uyanikeni uzizire, fikisani khungu lichoke, petani, sankhaninso kachiwiri chifukwa woola amaonekera bwino khungu likachoka, kenako gayani. Botolo likhale louma gwa, kadontho kamodzi ka madzi kamaononga zonse. Mafuta akayandama pamwamba musachite mantha, chiponde chopanda mankhwala chimatero, ingolembani palebo kuti takasani musanadye.

Ulendo uliwonse womwe mwagaya upatseni nambala yake ndipo muilembe pabotolo ndi mukope. Tsiku lina kasitomala adzabweza botolo kuti likuwawa, nambala ija ndi yomwe idzakuuzeni thumba lomwe munagaya ndi mabotolo ena oti mukawachotse m'mashelefu.

Chachitatu, mtengo

Ambiri timangoona mnzathu akugulitsa bwanji n'kuchotsapo pang'ono, kenako kumadabwa kuti katundu akutha koma ndalama sizikuoneka. Werengani zonse, mtedza, makala kapena mayunitsi, botolo, lebo, thiransipoti, waganyu, lendi, ndi malipiro anu omwe. Dziwaninso kuti thumba la 50kg silitulutsa 50kg ya chiponde, zosankha zija, khungu ndi chinyezi zimadya makilo, ndiye yezani nokha muone zotsala. Ndipo mtengo muziika poona kuti kukagulanso katunduyo lero ndi zingati, osati munagula zingati. Kwacha itagwa ndi 44% mu Novembala 2023 mabotolo ndi malebo zinakwera nthawi yomweyo, amene anapitiliza mtengo wakale poti stock ndi yakale anapezeka agulitsa zonse koma ndalama yake yosakwana kuodanso.

Chachinayi, ndalama ya bizinesi si ya ndiwo

Ichi kwa ife amayi ndiye chovuta. Maliro agwa kumudzi, fizi yasowa, abambo akunyumba akuti tandibwerekako ndibweza pakutha pamwezi, alamu atenga mabotolo asanu pangongole, zonse zimalowa m'chitenje chomwecho. Tsegulani akaunti yapadera, kaya layini ina ya Airtel Money kapena Mpamba yongolandirira za bizinesi, dzipatseni salale pamwezi ngati wantchito aliyense, zothandizira abale zizichokera pa salale imeneyo ikatha yatha. Abambo akhazikeni pansi muwaonetse kope, anga anayamba kumvetsa ataona okha kuti mtedza wa chaka chonse umafuna zingati. Poyamba amati mwayamba kukula mtima, kenako amazolowera.

Chachisanu, mapepala

Lembetsani dzina la bizinesi ku ofesi ya boma yolembetsa mabizinesi, tengani nambala ya msonkho (TPIN) ku MRA, pitani kukhonsolo mukatenge laisensi. Kenako MBS, Malawi Bureau of Standards, omwe amayendera malo n'kuyeza chiponde chanu ku labu. Musadikire kuti mukule kaye, apezeni msanga akuuzeni zofunika musanamange, kusiyana n'kudzagumula khoma. Malo opangira akhale osiyana ndi khitchini yapakhomo, pansi posavuta kukolopa, mawindo a gozi, posamba m'manja, antchito ovala maepuloni ndi zakumutu komanso oyezedwa kuchipatala. Lebo ikhale ndi dzina, zomwe zili mkati, kulemera kwake, tsiku lopangira, tsiku lothera ntchito ndi komwe mumapezeka. Zimadya ndalama ndi nthawi inde, koma popanda satifiketi imeneyi shopu yayikulu sikulandirani, muzingozungulira m'maofesi ndi chikwama mpaka kalekale.

Chachisanu ndi chimodzi, msika

Yambani ndi magolosale a m'dera lanu, masukulu ogonera konko, anzanu akutchalitchi, omwe amalipira kashi. Supamaketi imakoma kuitchula koma dziwani kuti ambiri amafuna barcode ndipo amalipira patapita masiku, mwina mwezi kapena kuposa, ndiye mukapereka makatoni onse kumeneko mudzakhala ndi mainvoisi okongola m'manja mulibe yogulira botolo. Lowani ndi shopu imodzi muone mmene ikulipirira. Ku trade fair ya MCCCI, bungwe la amalonda lija, pa Chichiri ku Blantyre pitani ngakhale mosonkherana tebulo ndi anzanu, tengani buledi ndi timasupuni anthu alawe, amene walawa sachedwa kupisa m'thumba. Kuchokera pomwe boma linakhazikitsa Buy Malawi mu 2016 anthu ambiri amafunsa za kwathu konkuno, lembani mooneka kuti chapangidwa ku Malawi. Lowaninso m'magulu a amayi a bizinesi ngati NABW, ija anayambitsa mayi Joyce Banda asanakhale pulezidenti, kapena COMFWB yomwe likulu lake lili ku Lilongwe, nkhani za maphunziro ndi zionetsero zimadutsira kumeneko.

Tsopano makina aja

Gulani makina pamene maoda akukuposani mphamvu miyezi ingapo yotsatizana, ndipo gulani a pomwe ntchito ikuchedwa. Ine ndinkaganiza kuti vuto ndi kugaya, nditayang'ana bwino tsiku lonse limathera pa chiwaya, ndiye choyamba kugula chinali chokazingira cha mgolo. Mbali yokhudza chakudya ikhale ya stainless steel, funsani ngati masipeya amapezeka konkuno ndi mmisiri woti akonze, funsaninso ngati ndi a single phase kapena three phase chifukwa ena anagula chimakina chili pakona chikuchita dzimbiri nyumba ilibe magetsi ake. Poti magetsi amazimazima, ife timakazinga ndi kusankha akazima, akangoyaka kaya ndi usiku timagaya.

Ngongole ya makina isachokere ku katapila, ngakhale banki mkhonde chiongoladzanja chake cha pamwezi chimayenera katundu wotuluka msanga ngati mabotolo, makina amabweza pang'onopang'ono. Yesani SACCO, bungwe la boma lobwereketsa ndalama za bizinesi kapena banki, ndipo kope lija ndi sitetimenti ya akaunti ndi zomwe akakufunseni. Mukalemba wantchito woyamba, ngakhale ali mwana wa achemwali anu, mgwirizano ukhale papepala, mphunzitseni resipe yonse mpaka azitha kugaya inu mutapita ku Mchinji kukagula mtedza, mukabwerako tsegulani botolo limodzi la ulendo umenewo mulawe musanatumize.