Momwe mungapangire gemu ya nthano ya akuluakulu yochitikira kuchigwa cha Shire

Visual novel ndi gemu yowerenga. Kumbuyo kumakhala chithunzi cha malo, kutsogolo anthu olankhula, pansi bokosi la mawu. Pena nkhani imaima n'kufunsa wosewera kuti asankhe chochita, ndipo chimene wasankhacho chimasintha mathero. Ambiri amapangira pa Ren'Py, pulogalamu yaulere yomwe inayamba mu 2004. Imayenda pa Windows, Mac ndi Linux, ndipo gemu mukaimaliza mutha kuitulutsa ya foni za Android. Kuphunzira pulogalamuyi sikuvuta. Ntchito yeniyeni ili pa nkhani ndi zithunzi.

Tiyambe tagwirizana pa mawu akuti "ya akuluakulu". Ngati mukuganiza zolaula, njira ndi yotseka: malamulo athu amaletsa kuzifalitsa, Google Play sazilola, ndipo mu July 2025 tsamba la itch.io, lomwe anthu amagawirapo ndi kugulitsirapo magemu, linabisa magemu otere pamalo ofufuzira chifukwa chopanikizidwa ndi makampani odutsitsa ndalama. Gemu imakula ndi kulemera kwa zimene ikukamba: maliro, kulandana minda, kunamizirana ufiti, kulowa kufa, chikondi cha anthu omwe ali kale pabanja. Aliyense wokhudzidwa ndi zachikondi akhale woposa zaka 18 ndipo ajambulidwe ngati munthu wamkulu. Chenjezo la msinkhu liikidwe patsamba loyamba.

1. Nkhani ikwane m'chiganizo chimodzi, ndipo matsenga akhale ndi mtengo

Mwachitsanzo: mayi wa ku Makhanga mwamuna wake wamira ndi bwato madzi atasefukira, ndipo mzimu wa m'dambo ukuti ungamubweze, koma madimba a mudzi wonse amira chaka chimenecho. Apa pali chofuna, pali cholipira, palinso anthu ena oti avutike. Musanalembe china, yankhani mafunso atatu papepala: mzimu umapereka chiyani, umatenga chiyani, ndipo ndani m'mudzimo akudziwa. Mayankhowo asasinthe mpaka kumathero. Nthano zambiri zimafera pamenepa, wolemba akathinidwa amangopatsa mzimu mphamvu yatsopano kuti utulutse munthu m'mavuto, owerenga n'kusiya kuopa.

Chigwa chino chili ndi nkhani zake, ndipo yaikulu ndi ya Mbona, mzimu womwe anthu amapemphako mvula. Koma kachisi wake wa ku Khulubvi ku Nsanje ndi wamoyo, ali ndi eni ake ndi miyambo yake. Musamupekere Mbona mawu kapena miyambo kuti gemu ikome. Pangani mzimu wanuwanu, muupatse dambo lake, ndipo ngati mukufuna kutchula Khulubvi kafunseni kaye akuluakulu akumeneko.

2. Dulani nthambi zisanakuchulukireni

Mukapereka zosankha ziwiri kasanu motsatizana, chilichonse n'kumapita njira yakeyake, mufika pa njira 32 zoti mulembe ndi kujambula. Palibe woyamba kumene angamalize zimenezo. Njira yake ndi iyi: nkhani ikhale ndi msana umodzi, nthambi zipatuke pang'ono n'kubwereranso, koma gemu izisunga chiwerengero cha zimene munthu wasankha. Tinene kuti nthawi iliyonse mayiyo akalandira thandizo la mzimu, ngongole yake ikwera ndi 1. Kumapeto, ngongole ikafika 3 apeza mathero ena, ikachepera apeza ena. Mathero awiri kapena atatu ndi okwanira.

Chosankha chabwino n'choti mbali zonse ziwawe. "Pulumutsa mwana" ndi "Musiye amire" si chosankha, aliyense adina choyamba. Koma "Ulula kwa anyakwawa, alamu achotsedwe m'mudzi" ndi "Khala chete, mlandu ugwere agogo osalakwa" chimamuimitsa munthu, foni ili m'manja.

3. Lembani mu script.rpy

Tsegulani Ren'Py, pangani pulojekiti yatsopano, sankhani kukula kwa 1280x720. Kukula kwa 1920x1080 kumalemeretsa gemu pachabe ngati osewera anu ndi a pafoni. Mufoda ya game muli fayilo ya script.rpy, ndipo chiyambi chimaoneka chonchi:

define w = Character("Wamasiye")
default ngongole = 0

label start:
    scene bg dambo
    show wamasiye chisoni
    w "Alamu, bwato lapezeka, koma iwo sanaoneke."
    menu:
        "Pita kudambo usiku":
            $ ngongole += 1
            jump kudambo
        "Kauze anyakwawa":
            jump kubwalo

Apa label ndi dzina la gawo la nkhani, menu imapereka zosankha, ndipo jump imadumphira ku gawo lina. Zolakwika zimabwera mobwerezabwereza. Kulowetsa mzere mkati kuchitike ndi mipata inayi, osati batani la Tab, apo ayi gemu ikana kuyamba. Chinthu chosintha ngati ngongole chilembedwe ndi default. Mukachilemba ndi define, munthu akasunga gemu n'kudzaitsegulanso chiwerengero chimasokonekera, mathero n'kutuluka olakwika. Mawu olankhula azikhala m'zizindikiro za mitengero iwiri (" "), chifukwa Chichewa chadzaza ndi m'mudzi, ng'ona, n'kupita, ndipo kamtengero kamodzi (') kamadula chiganizo pakati. Mukasintha mtundu wa zilembo, onani kaye ngati uli ndi ŵ.

Bokosi limodzi lisapose mizere itatu. Ndipo anthu azilankhula mosiyana: wamasiye kwa alamu ake ndi "inu", mzimu kwa iye ndi "iwe", anyakwawa pabwalo sathamanga. Ngati wina ndi wolankhula Chisena kapena Chimang'anja, pezani mwini chilankhulo awerenge mizere yake mokweza.

4. Zithunzi: werengani kaye musanajambule

Gemu yoyamba ikhale ndi anthu atatu, aliyense nkhope zinayi: wamba, chisoni, mkwiyo, mantha. Izo ndi 12. Malo asanu, awiri mwa iwo akhalenso ndi usiku wake, ndi 7. Zithunzi zodzaza sikirini za nthawi zikuluzikulu zikhale zitatu basi. Zonse pamodzi 22, ndipo imeneyo ndi ntchito kale.

Jambulani pa Krita, pulogalamu yojambulira yomwe nayonso ndi yaulere. Thupi la munthu lijambulidwe kamodzi, maso, nsidze ndi pakamwa zikhale pa layer zake (magawo a chithunzi osanjikizana), kenako tulutsani nkhope iliyonse ngati PNG yopanda chakumbuyo. Zonse za munthu mmodzi zikhale zofanana kukula, apo ayi nkhope ikasintha munthuyo amadumpha pasikirini. Dzina la fayilo ndi lomwe mumaitanira: "wamasiye chisoni.png" mufoda ya images imabwera ndi show wamasiye chisoni. Mawu oyamba a dzinalo akafanana, chithunzi chatsopano chimalowa m'malo mwa chakale. Mukalemba wamasiye1 ndi wamasiye2, mayiyo aoneka awiri.

Bokosi la mawu limaphimba mapikiselo 185 apansi. Ng'ona yobisala, mpeni m'dzanja kapena mapazi a fisi mukaziika pamenepo palibe azione.

Za malo, jambulani nokha ndi foni mopingasa, kenako pakani mitundu pamwamba pa Krita kuti zigwirizane ndi anthu ojambulidwa pamanja. M'mawa kapena madzulo ndi bwino, dzuwa la masana la kuno limayeretsa chilichonse. Chigwa chizindikirike: migwalangwa ndi mabango a ku Elephant Marsh, namasupuni woyandama, milambe, minda ya nzimbe ya ku Nchalo, mapiri a Thyolo akuoneka kum'mawa, madzi a Shire ofiirira nthawi ya dzinja. Pasapezeke nkhope ya munthu weniweni popanda chilolezo chake. Zithunzi za AI zimafulumira, koma nkhope imasintha kuchoka pa chithunzi china kupita pa china, maluwa a chitenje sakhazikika, ndipo dambo limatuluka la dziko lina.

Chithunzi chisabwereze zomwe mawu anena. Alamu akamati "Musadandaule mlamu, tikusamalani" nkhope ili yomwetulira koma maso ali kumunda, wosewera wamva zonse. Mzimu nawo musauonetse msanga. Poyamba madzi angochita mabwinja popanda mphepo, kenako mthunzi m'mabango, thupi lonse lidzaoneke pa chimodzi mwa zithunzi zitatu zija. Usiku wa ukwati kapena wa kulowa kufa umanenedwa ndi chitseko chotseka, koloboyi akuzima, ndi nkhope ya m'mawa mwake. Sankhaninso mtundu umodzi, tinene wobiriwira wotuwa, woti uzioneka pokhapokha mzimu uli pafupi.

5. Phokoso

Achule, nkhafi pamadzi, udzudzu, mvuu patali: jambulani ndi foni, yeretsani pa Audacity, pulogalamu yokonzera phokoso, sungani ngati fayilo ya OGG. Nyimbo za oimba ena musatenge popanda chilolezo.

6. Yesani pafoni yotsika mtengo

Pa Ren'Py pali Lint, imene imakuuzani chithunzi chosowa ndi jump yolozera kopanda label. Mukasintha zina, Shift ndi R zimatsitsimutsa gemu pomwepo. Dutsani njira iliyonse mpaka kumathero, kenako sungani gemu pakati, tsekani, tsegulaninso, muone ngati ngongole yasungika. Kutulutsa APK, fayilo yoikira gemu pafoni ya Android, kumafuna pulogalamu ya Java yomwe mumaika nokha, komanso zida za Android zomwe Ren'Py imatsitsa yokha, choncho konzekerani bandulo yokwanira tsiku limenelo. Zithunzi za malo zisungidwe ngati JPG kapena WebP kuti fayilo ichepe, popeza ambiri azidzapatsirana pafoni.

Foda yonse ya pulojekiti izikoperedwa pa flash tsiku lililonse, chifukwa magetsi akazima fayilo ili mkati mosungidwa imatha kuwonongeka. M'miyezi ya October ndi November, kutentha kukamafika madigiri 40, laputopu isakhale pamatiresi kapena pamiyendo; ikwezeni kuti mphepo izidutsa pansi ndipo ntchito yojambula muzigwira m'mamawa. Pomaliza perekani gemuyo kwa akuluakulu atatu omwe sakuidziwa nkhaniyo, musawafotokozere kanthu, muone pomwe akudina mothamanga osawerenga. Ndime zimenezo zifupikitseni kapena zichotseni.